Matenda a Shuga Akalowa M'nyumba, Mphika Ukhale Umodzi

 M'masamba ano tazolowera kukamba za mbewu, za mizere, za anankafumbwe ndi za mitengo ya fodya ku okushoni ya ku Limbe. Lero tifuna kukamba za munthu amene agwira khasulo, pakuti munda wabwino sulimidwa ndi munthu wodwala. Nkhani yathu ndi ya matenda a shuga, makamaka za chimene banja liyenera kuchita pamene Dokotala wanena kuti bambo kapena mayi wa pakhomopo ali nawo matendawa.

Kale anthu ankati shuga ndi nthenda ya Azungu ndi ya mabwana a m'tauni odya zonona. Maganizo amenewo anatha ntchito. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, unayeza anthu a zaka 25 kufikira 64 m'zigawo zonse za dziko lino, ndipo unapeza kuti mwa anthu 1,000 alionse, 56 anali ndi shuga wochuluka m'magazi. A kumidzi sanasiyidwe. Kafukufuku wina amene anachitika pambuyo pake ku Karonga ndi ku Lilongwe anapeza chiwerengero chocheperapo, koma nayenso anaona kuti odwala ambiri sanali kudziwa kuti alikudwala. Chotero nkhani iyi ndi yanu ndi yathu.

BANJA LINA LA KU NAMWERA

Tiyeni tiyerekeze banja la mlimi wa ku mapiri a Namwera, lofanana ndi mabanja ambiri amene inu muwadziwa. Bambo alima ekala imodzi ya fodya wa Burley ndi maekala awiri a chimanga. Mayi, a zaka 45, anali munthu wamphamvu ndi wojintcha, wotchuka pa kupalira ndi pa kusoka fodya. Chaka china, nthawi ya kupalira, anayamba kumva ludzu losatha. Usiku ankatuluka kasanu kukataya madzi. Thupi linayamba kutha ngakhale ankadya kopambana kale, ndipo maso anachita nkhungu kotero kuti ulusi unaleka kulowa pa singano. Achibale anati awalodza. Anansi ananong'onezana za matenda ena aja oondetsa. Nkhuku ziwiri zinathera kwa sing'anga. Potsiriza achemwali awo anawaperekeza ku chipatala chachikulu cha pa Boma, kumene anawabaya chala natenga kadontho ka magazi. Anawauza kuti abwerenso m'mawa mwake asanalawe kanthu, ndipo atawayezanso anati ndi shuga.

Anawapatsa mapiritsi ndi malangizo a kadyedwe. Atafika kunyumba nafotokoza zonse, bambo anati, "Pepani mayi, koma wodwala ndinu. Muziphika zanu padera. Ine ndi anawa tizidya monga kale." Bamboyu sanali wankhanza iyayi. Anangoganiza monga aganizira amuna ambiri.

Tsono pamafuwa panayamba kukhala miphika iwiri. Nkhuni zinkatha msanga. Mayi akaweruka kumunda ali otopa, ankayamba aphikira banja nsima yaikulu ndi ndiwo zamafuta, ndipo pofika pa mphika wawo mphamvu zinali zitatha, nangodya zomwezo. Kodi ndani angaomole mitanda yofuka nthunzi tsiku ndi tsiku, iye nakhala pambali ndi kambale kake yekha ngati mlendo? Itapita miyezi inayi, mayi anaponda chitsa kumunda. Sanamve kupweteka kwenikweni, koma chilondacho chinakana kupola. Chaka chimenecho fodya anasokedwa ndi aganyu, wina anaolera m'chigafa, ndipo ndalama za feteleza zinathera pa maulendo a kuchipatala. Banja limeneli tibwereranso kwa ilo kumapeto. Poyamba timve za nthendayo.

KODI NTHENDAYI NJOTANI?

Chakudya chilichonse chokhutitsa, kaya nsima, mpunga, chinangwa, mbatata kapena buledi, chikafika m'mimba chisanduka shuga, ndipo shugayo alowa m'magazi kuti apatse thupi mphamvu. Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chimene chipanga madzi otchedwa insulini. Ntchito ya insulini ndiyo kutsegula khomo kuti shuga achoke m'magazi nalowe m'minofu. Insulini akachepa, kapena thupi likaleka kumumvera, khomolo likhala chitsekere. Ganizirani ngolo zodzaza chimanga zimene zaima pamsewu chifukwa chitseko cha nyumba chakana kutseguka. M'nyumbamo ana alikulira ndi njala, pomwe panja ngolo zolemerazo zilikuononga msewu. Ndi chifukwa chake wodwala shuga aonda ndi kufooka ngakhale alikudya, ndipo patapita zaka mitsempha yake ionongeka. Zotsatira zake ndizo khungu, kuonongeka kwa impso, dzanzi ndi zilonda za m'mapazi, matenda a mtima, kufa ziwalo, ndi kuchepa kwa mphamvu za m'banja kwa abambo.

Matendawa alipo a mitundu iwiri yaikulu. Mtundu woyamba ugwira kawirikawiri ana ndi achinyamata, ndipo iwowa afunika jakisoni wa insulini masiku onse a moyo wawo. Kale ana otere ankamwalira msanga, kufikira pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto m'dziko la Canada m'chaka cha 1921, ndipo wodwala woyamba anabayidwa m'chaka cha 1922. Mtundu wachiwiri ndiwo wofala, pakuti odwala 9 mwa 10 alionse ali ndi umenewu. Ugwira makamaka akuluakulu, ndipo ukonda anthu amene kumtundu kwawo ulipo kale, onenepa pamimba, ndi amene analeka ntchito yotulutsa thukuta. Koma ngakhale mlimi woonda akhoza kudwala.

Dziwani kuti shuga sachokera kwa mfiti, ndipo sapatsirana. Mukhoza kudyera mbale imodzi ndi kugona mphasa imodzi popanda mantha. Njira yodziwira ndi imodzi, ndiyo kuyezetsa magazi. Munthu amene wagona osadya usiku wonse, magazi ake akaonetsa 126 mg/dL kapena kuposapo pa masiku awiri osiyana, madokotala anena kuti ali ndi shuga. Palibe muzu kapena botolo la pamsika limene lichotsa nthendayi. Koma munthu akamwa mankhwala mokhulupirika, nadya mwanzeru, nagwirabe ntchito, akhoza kulima ndi kuona adzukulu ake.

NSIMA SI MDANI, NDIPO MGAIWA SI MANKHWALA

Odwala ambiri akachoka kuchipatala angokumbukira mawu amodzi, akuti azidya mgaiwa. Tsono ena ayesa mgaiwa mankhwala, nadya mitanda inayi osaopa kanthu. Kumeneko ndi kulakwa.

Mgaiwa uli ndi ubwino wake ndithu. Gaga ndi mitima ya chimanga zikhala momwemo, ndipo m'menemo muli zofunika m'thupi zimene zitayika pokonola. Ndiponso mlimi aliyense adziwa kuti pokonola ndi poviika mphale, gawo limodzi mwa magawo anayi a chimanga, kapena kuposapo, silifika m'lichero la ufa. Chotero nkhokwe ya banja lodya mgaiwa ichedwa kutha. Koma akatswiri a ku Bunda, pa sukulu yaukachenjede ya zaulimi ya LUANAR, anafalitsa m'chaka cha 2016 zimene anapeza atadyetsa anthu nsima za ufa wa mitundu itatu ndi kuyeza magazi awo. Nsima ya gramilu, ndiwo ufa wokonola koma wosaviika, inakweza shuga koposa zonse. Ya mgaiwa nayonso inakweza kwambiri. Ya ufa wa mphale yoviika inakweza mocheperapo. Anthu oyezedwawo anali ochepa, ndipo ife sitinena kuti tayani mgaiwa. Phunziro lake ndi lakuti nsima iliyonse isanduka shuga, kotero chofunika kuyang'anira koposa ndicho kukula kwa mtanda ndi ndiwo zimene zitsagana nawo.

Muyeso wosavuta ndi uwu: nsima ya wodwala pa chakudya chimodzi ilingane ndi chibakera chake. Ngati ali pa ntchito yolemetsa, monga kugalauza kapena kudinda mabelo, akafunse kuchipatala kuti aonjezere motani. Mpunga, mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata ziyezedwe ndi chibakera chomwecho, ndipo pa chakudya chimodzi pakhale chokhutitsa chimodzi chokha. Amene wadya futali wa mbatata asaonjezerepo nsima.

Nthawi ya kudya nayonso njofunika. Ambiri a ife tilawirira kumunda m'mimba muli pululu, ndi kudzadya nsima yaikulu dzuwa litapendeka. Kwa wodwala shuga khalidwe limeneli nloipa, pakuti m'mawa shuga atsika kwambiri, ndipo madzulo akwera mopitirira. Adye katatu: kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero, pa nthawi zake. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lopanda shuga, ndi kadzutsa wabwino wa banja lonse.

Mukasankha mgaiwa, samalani zinthu ziwiri. Chimanga chikhale chouma bwino ndi chosankhidwa, chopanda chuku, chifukwa poizoni wa chuku amene akanachepa pokonola atsalira m'mgaiwa. Ndiponso gayitsani pang'onopang'ono, pakuti mgaiwa uli ndi mafuta ndipo suchedwa kuwawa kuno kotentha.

NDIWO ZICHULUKE

Mwambo wathu ndi wakuti nsima ikhale phiri, ndiwo zikhale zongotsitsira nsimayo kukhosi. M'nyumba ya wodwala shuga mwambo umenewu utembenuke. Yang'anani mbale, muigawe pakati ndi maso. Theka lonse likhale la ndiwo zamasamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, kholowa, chitambe, chigwada, therere, mpiru kapena kabichi. Theka lotsalalo ligawidwenso pawiri, mbali ina nsima, mbali ina nsomba, nyemba, mazira kapena nyama. Masamba akhutitsa popanda kukweza shuga, ndipo achedwetsa shuga wa nsima kulowa m'magazi. Nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba zichita chimodzimodzi, ndipo zikhalitsa m'mimba.

Inu a kunyanja muli ndi mwayi umene a kumtunda ausirira. Nsomba sizikweza shuga. Tidziwa kuti chambo chinachepa, makamaka m'nyanja ya Malombe kumene chinasowa kwambiri kuyambira cha m'ma 1990, ndipo lero ndi chakudya cha a ndalama. Koma musadandaule. Usipa, utaka ndi kambuzi zimanga thupi monga chambo, ndipo tinsomba todyedwa ndi minga yomwe tilimbitsanso mafupa. Phikani ndi tomato ndi anyezi, otchani kapena wambani, musazimize m'mafuta. Supuni imodzi kapena awiri a mafuta akwana mphika wa banja, ndipo ndiwo zotendera sizifunanso mafuta ena.

Chepetsaninso mchere. Kafukufuku wa 2009 uja anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene iyenda limodzi ndi shuga ngati mbuzi ndi mwana wake. Mchere wonse umene munthu wamkulu adya pa tsiku usafike pa magalamu 5, ndiyo supuni imodzi yaing'ono. Kambale ka mchere kachoke pamphasa yodyera.

Zipatso nzabwino, koma mwa muyeso. Nthawi ya mango wodwala adye bango limodzi, osati beseni lonse pansi pa mtengo. Gwafa, chibenthu cha papaya, peyala, masau ndi bwemba nzoyenera. Malambe, amene Mulungu anatidzazira kuno ku Mangochi, adyedwe osathira shuga.

Chenjezo limodzi pano: muyeso wa chibakera ndi wa wodwala ndi wa akuluakulu onenepa. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamanidwe chakudya. Iwo adye kufikira atakhuta, kuchokera mu mphika womwewo. Ndiwo zochuluka ziwathandiza kukula, ndipo popeza shuga ayenda kumtundu, mwana wozolowera kadyedwe aka alikutetezedwa ku nthenda ya kholo lake.

SHUGA WA M'KAPU

Shuga woopsa koposa ndiye wakumwa, chifukwa alowa m'magazi msangamsanga ndipo sakhutitsa. Botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi la 300 ml lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Bungwe la World Health Organization linalangiza m'chaka cha 2015 kuti ngakhale munthu wosadwala asapitirire masupuni 12 a shuga pa tsiku, ndipo kuti 6 ndiye bwino koposa. Wodwala shuga asiye shuga wa mu tiyi ndi mu phala, zakumwa za m'mabotolo, majuwisi osungunula, thobwa, nzimbe ndi uchi. Mandasi, zitumbuwa, zigumu ndi masikono zikhale za mwakamodzikamodzi. Ludzu la m'chilimwe aliphe ndi madzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Banja la anthu 6, aliyense akathira masupuni 3 mu tiyi wa m'mawa, paketi ya kilogalamu imodzi itha pa masabata awiri. Pa chaka ndi mapaketi 26. Funsani mtengo wa paketi pa golosale ya kwanu, muchulukitse ndi 26, ndipo muone kuti ndalama zimenezo zikanagula usipa wochuluka motani. Lilime lizolowera. Yambani ndi kuchotsa supuni imodzi, sabata yamawa inanso, ndipo pakutha mwezi tiyi wakale uja adzakunyansani.

Inu alimi a fodya chenjerani ndi miyezi ya malonda. Ndalama zikatuluka, ambiri aonetsa chikondi pogulira akazi awo kireti ya zakumwa, buledi ndi shuga wa mabelo. Ngati mkaziyo ali ndi shuga, mphatso yotere ndi msampha. Muguleni nsapato, mafuta odzola kumapazi, nkhuku zoikira mazira, ndipo patulani ndalama za ulendo wa kuchipatala za chaka chonse. Fodya limani, pakuti ndiye ndalama zanu, koma wodwala asasute, asaike m'mphuno kapena m'kamwa, chifukwa fodya atsiriza kuononga mitsempha imene shuga anaiyamba kale.

Pa ukwati, pa sadaka, pa maliro ndi pa tsiku lotulutsa anamwali pakhala mpunga ndi thobwa zambiri, ndipo kukana chakudya kuoneka ngati mwano. Apa ndi pamene mwamuna kapena mkazi wa wodwala ayenera kumuyankhulira mnzake: "Pepani, awa a chipatala anawaletsa, apatseni madzi ndi ndiwo." Mawu otere akachokera kwa wapabanja, palibe akwiya.

MANKHWALA ENA ALI KUMUNDA

Mayi sangaphike chimene sichinalimidwe. Kusintha kwa mphika kuyamba pa tsiku logawa munda, ndipo apa ndi pamene abambo ali ndi mbali yaikulu. Pokonza za dzinja likudzali, khalani pansi nonse awiri ndi kuchita izi.

Choyamba, bzalani nandolo m'chimanga. Sasowa malo akeake, apirira ng'amba, aonjezera chonde m'nthaka, ndipo acha m'chilimwe pamene ndiwo zivuta. Mtundu wa Mwaiwathualimi ucha msanga kuposa nandolo wamakolo; funsani Mlangizi wanu za mbewu yake.

Chachiwiri, patulani kachigawo ka mtedza, khobwe, nzama kapena soya, ndipo mukakolola musagulitse zonse kwa mavenda. Kumbukirani kuti nsomba zisowa pamene mwera waomba m'miyezi yozizira, ndiponso kumapeto kwa chaka pamene Boma liletsa makoka kuti chambo chiswane. Masiku amenewo thumba la nyemba ndilo lidzakupulumutsani.

Chachitatu, tsegulani dimba, kaya m'mbali mwa Shire, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime. Munthu amene atha kuthirira nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala lilikuswa mtengo sangalephere mabedi atatu a mpiru ndi tomato. Fesani bedi limodzi pa masabata awiri alionse kuti masamba asathe nthawi imodzi. Koma mankhwala opopera fodya asayandikire ndiwo.

Chachinayi, futsani masamba m'dzinja pamene ali mbwee. Nkhwani, chitambe ndi bonongwe ziwiritsidwe pang'ono, ziyanikidwe pamthunzi podutsa mphepo, ndi kusungidwa pouma. Agogo athu ankamanga zikwatu za mfutso, ndipo sanali opusa.

Chachisanu, bzalani pakhomo mtengo wa chammwamba, wa papaya ndi wa gwafa. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino ndithu, koma musamvere amene akuti alowa m'malo mwa mapiritsi.

Ntchito ya kumunda nayonso ndi mankhwala, pakuti minofu yogwira ntchito idya shuga. Wodwala asakhazikidwe pakhonde ngati nkhalamba. M'chilimwe pamene makasu apumula, ayende ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata.

ZIMENE BANJA LONSE LIYENERA KUDZIWA

Shuga akhozanso kutsika mopitirira, makamaka kwa amene abaya insulini kapena amwa mapiritsi a glibenclamide, akagwira ntchito yolemetsa osadya, kapena akamwa mowa. Zizindikiro zake ndizo kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, chizungulire ndi kuyankhula zosamveka ngati woledzera. Pamenepo mpatseni msanga madzi osungunuliramo masupuni 3 a shuga, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Chifukwa chake kampukutu ka shuga kazipita naye kumunda ndi kunyanja. Ngati wakomoka, musamthire kanthu kukamwa. Mgonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Ana omwe aphunzitsidwe zimenezi. M'miyezi ya njala, ngati chakudya chayamba kupelewera pakhomo, kauzeni a chipatala kuti aone za muyeso wa mankhwala. Musawasiye mwa inu nokha.

Ambiri a inu ndinu Asilamu. Mwezi wa Ramadhani ukayandikira, wodwala apite kuchipatala kudakali masabata angapo, akafunse ngati angathe kusala ndi mmene angamwere mankhwala. Chisilamu chilola wodwala kusasala ngati kusalako kungamupweteke. Shehe wanu adzakufotokozerani. Amene aloledwa kusala asaphonye chakudya cha m'bandakucha, ndipo pomasula ayambe ndi madzi ndi ndiwo, asadzigwetsere pa zotsekemera. Akamva zizindikiro tatchulazi, amasule pomwepo. Akhristu osala kudya pa mapemphero achenjere chimodzimodzi.

Mapazi ayang'anidwe madzulo alionse. Popeza wodwala akhoza kukhala ndi dzanzi ndi maso ofooka, ntchito iyi njoyenera mwamuna kapena mkazi wake. Asambitseni, muwapukute ndi pakati pa zala pomwe, muone ngati pali mng'alu, thuza kapena munga. Wodwala asayende wopanda nsapato kumunda kapena pamchenga wotentha wa kugombe, asawothe moto mapazi ali pafupi, ndipo thekenya lisatumbulidwe ndi munga. Kachilonda kakang'ono kapite kuchipatala msanga, pakuti ambiri amene anadulidwa mwendo anayamba ndi kachilonda kotere.

Insulini aonongeka ndi kutentha. Ngati mulibe firiji, ikani botololo m'kachitini kotseka, ndipo kachitiniko mukaike mu mphika wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi.

MPHIKA UMODZI

Tibwerere ku Namwera. Tsiku lina mayi aja atalephera kuponda pansi, bambo anawakweza pa njinga napita nawo okha kuchipatala. Namwino atatsuka chilondacho anatembenukira kwa bambo nawafunsa zimene banja lidya, amene agula shuga, ndi amene agawa munda. Bambo anayankha zonse, ndipo poyankhapo anadzimva okha. Anawayeza nawonso, napezeka kuti magazi awo alikuthamanga kopitirira muyeso, iwo osadziwa. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madzulo a tsikulo anaitana ana nati, "Kuyambira lero chimene adye amayi anu ndi chimene tidye tonse." Sizinali zapafupi. Anyamata anadandaula za tiyi kwa masabata awiri. Apongozi atabwera kudzacheza anati mwana wawo alikumanidwa chakudya, ndipo panafunika kuwafotokozera mofatsa. Bambo anachotsa mizere ingapo ya fodya naikapo mtedza, ndipo dimba limene linagonera zaka zitatu linalimidwanso. Chilonda chinapola patapita nthawi. Mayi sanachire shuga, pakuti sachirika. Amwabe mapiritsi awo a metformin ndi kupita kusikelo yawo pa tsiku lake. Koma chaka chotsatira anasoka fodya ndi manja awo.

Alimi anzathu, mutu umodzi susenza denga. Wodwala amene asiyidwa yekha ndi kambale kake agonja, ngakhale atakhala wolimba mtima chotani. Chakudya cha wodwala shuga sichichokera kusitolo ya Azungu. Ndicho nsima yomweyi yochepetsedwa, ndiwo zomwezi zochulukitsidwa, ndi madzi m'malo mwa zotsekemera, ndipo palibe m'banjamo amene chingamdwalitse.

Ngati inu kapena a kunyumba kwanu muli ndi ludzu losatha, mukodza pafupipafupi, mulikuonda popanda chifukwa, kapena muli ndi chilonda chosapola, pitani mukayezetse ku chipatala cha pa Boma, ku Monkey Bay, ku St Martin's ku Malindi, kapena ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu. Amene mwapitirira zaka 40, kapena kholo lanu linadwala shuga, musadikire zizindikiro. Tsiku la 14 Novembala, limene anabadwa Banting, ndi lokumbukira matendawa pa dziko lonse, ndipo lifika pamene mulikutsiriza kukonza minda. Likhale lokukumbutsani kuti mupite awiri kukayezetsa mvula isanagwe. Za mankhwala funsani a chipatala ndi Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Za mbewu ya nandolo, mtedza ndi masamba funsani Mlangizi wa zaulimi. Safunsa anadya phula.